Lichero Kuseri kwa Chitseko

Lusizi sanauzepo munthu kuti mlendo akamufunsa kanthu amangoyankha kuti "eya", ngakhale mtima ukukana. Kusukulu mayeso ankakhoza, koma pamaso pa munthu wachilendo lilime linkamuuma gwa.

Chaka chimenecho nsikidzi zinavuta ku Kande. Ana ankadzuka atadzikanda mpaka magazi. A zaumoyo analengeza kutchalitchi kuti adzapopera mankhwala nyumba ndi nyumba, ndipo chodyedwa chilichonse chidzatuluke panja.

Tsikulo amayi ake analawirira kukavuula chinangwa chomwe anaviika kudambo. Zotulutsa katundu anasiyira Lusizi. Anatulutsa ndowa, mbale, usipa, mphasa.

Kenako anatulukira wopopera, Bonface, atavala ovolosi ndi magolovesi, nkhope yonse yophimba, mawu akumveka ngati akuchokera mumgolo.

"Achemwali, zakudya zatuluka zonse?"

Pompo Lusizi anakumbukira lichero la ufa wa kondowole kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, komwe amayi ankalibisa poopa mbuzi. Linali losavundikira.

"Eya," pakamwa panatero pokha.

Anamva pampu ikulira mkatimo, tsiii, tsiii. Miyendo inafuna kuthamanga, koma sinasunthe.

"Musalowe mpaka dzuwa lipendeke," anatero Bonface potuluka. "Tizilombo takufa mukwirire. Nkhuku ikatola, musaiwerengerenso."

Dzuwa litapendeka Lusizi analowa ndi tsache. Khoma la pamwamba pa licherolo linali ndi mizere ya mankhwala. Ufawo unali mbee, ngati palibe chachitika, koma m'mphepete mwake munali mphemvu zili chagada. Anazitola. Unali ufa womaliza, ndipo ndi mitambo ya masiku amenewo chinangwa chatsopano sichikanauma msanga. Akanayamba bwanji kuwauza amayi?

Pokakwirira zinyalala anapeza kamwanapiye kakudzandira pafupi ndi dzenje, khosi litapindika, pambali pake pali mphemvu yojompha. Kanagwa, kanapalapasa pang'ono, basi.

Pobwerera anapeza amayi atakhala pakhonde, lichero lija pamiyendo, akusefa. Mlongo wake wamng'ono, Yankho, anali atanjuta pambali pawo, maso pa ufa. Mwanayo sankaona ufa osanyambita.

"Iwe wasukulu," anaitana amayi, "waima ngati mtengo bwanji? Kapena moto nawonso umafuna satifiketi?"

Lusizi anangoyang'ana licherolo.

Yankho anapisa chala mu ufa, nachikweza chili mbuu. Lusizi sanadziwe kuti wadumpha liti. Anangozindikira wagwira kadzanjako mwamphamvu, mwana akulira.

"Wapenga? Wakulakwira chiyani mwana?"

Lusizi anapukuta chalacho ndi chitenje chake, osachisiya.

"Ama," anatero, "ufawu musaphike. Unali m'nyumba akupopera. Ndinkadziwa. Anandifunsa, ine ndinati eya."