Zikhatho Zoyera za Lenia

Chizungulire chinamupeza Lenia ali m'chigafa, akusoka fodya. Maso anachita mdima, makutu akulira, ndipo anangokhala pansi atagwira mzati. Aka kanali kachitatu sabata imeneyo. Mimba inali ya miyezi isanu yokha, koma chitunda chochokera kuchitsime, chimene kale ankachikwera akuimba ndowa ili pamutu, tsopano ankachipumira kanayi.

Lenia ankaopa, ndipo anali ndi chifukwa. Mimba yake yoyamba inapita padera mwamuna wake, Isake Banda, ali kumigodi ku Joni. Nthawi imeneyo pakhomo panalibe kanthu, ndiwo zinali masamba mmawa ndi madzulo. Isake atamva za tsokalo m'kalata analira, kenaka anaweruza mlanduwo yekha: mwana wapita chifukwa cha umphawi, ndipo umphawiwo ndi masamba. Choncho pobwera m'chaka cha 1974 anabweretsa njinga, wailesi ndi lumbiro.

"Mkazi wanga sadzadyanso masamba ngati mbuzi," anatero pamaso pa anthu.

Amuna ambiri amalumbira n'kuiwala, koma Isake, mwatsoka, anali wosunga mawu. Bonongwe amene anamera mokondwa kuseri kwa khola anamupha ndi khasu. Magwafa ankati ndi a ana ndi anyani. Kugolosale ya pa Msakambewa ankagulako buledi, shuga, tiyi, mpunga ndi zakumwa za m'botolo. Nyama inkapezeka mwa apo ndi apo. Masiku ena onse ndiwo zinali msuzi wa anyezi ndi mafuta, kapena tiyi ndi buledi basi.

Nanga Lenia akanadandaula bwanji? Amayi anzake kuchitsime ankamusirira. "Inu ndiye munakwatiwa," ankatero. Munthu womwa tiyi katatu pa tsiku akati ali ndi njala, amuseka. Tsono ankangomeza mate fungo la nkhwani wotendera likamachokera kwa Margareta, mnansi wake, yemwenso anali ndi pakati pa miyezi yomweyo. Isake akachokapo, Lenia ankatafuna dothi la pachulu, chifukwa mtima unkalifuna koopsa.

Tsiku la sikelo ya amayi apakati linafika. Galimoto ya chipatala inkabwera kamodzi pamwezi n'kuima pabwalo la sukulu. Isake anavala jekete, anaonetsetsa kuti makhadi a chipani ali m'thumba, n'kumukweza mkazi wake panjinga. Amuna sankabwera kusikelo, koma iye anafuna kuti anamwino aone mmene mkazi wosamalidwa amaonekera.

Namwinoyo dzina lake anali Eveline, mayi wamkulu ndithu, wosafulumira kuyankhula. Anamuyeza Lenia, anamutembenuza chikope, anamuuza kuti atulutse lilime. Kenaka anatenga manja ake n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Mwabwera ndi ndani, mayi?"

"Ndi amuna anga. Ndi awo ali panjingawo."

"Aitaneni."

Isake anafika akumwetulira, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mayiwa amadya chiyani kunyumba?" anafunsa namwino.

"Zabwino zokhazokha, amayi. Tiyi wa shuga, buledi, mpunga. Dzulo lomweli amwa chakumwa cha m'botolo."

"Nanga masamba?"

"Ayi, zimenezo tinasiya."

"Zipatso?"

Isake anaseka pang'ono. "Akuluakulu ngati awa akwere mumtengo wa gwafa?"

Namwino sanaseke. Anayang'ana pamzere wa amayi n'kuona Margareta, yemwe anali atamuyeza kale.

"Mayi, mungalole kuti tibwereke dzanja lanu?"

Margareta anabwera mwamanyazi. Namwino anatambasula chikhatho chake pafupi ndi cha Lenia. Cha Margareta chinali chokakala ndi khasu, koma chofiirira bwino. Cha Lenia chinali choyera mbuu, ngati wachiviika mu ufa.

"Mayi, inu munadyera chiyani dzulo?"

Margareta anayang'ana pansi. "Chisoso, amayi. Dzana kholowa. Kwathu kulibe zina. Ndikamachokera kumunda ndimangothyola magwafa m'njira."

"Mwaona, bambo? Akazi anu magazi achepa. N'chifukwa chake akuchita chizungulire ndi kupuma mwawefuwefu. Ndikhulupirira akudyanso dothi."

Lenia anavomera ndi mutu. Isake anamuyang'ana modabwa, chifukwa zimenezi anali asanazimve.

"Mayi wapakati amapangira magazi anthu awiri," anapitiriza namwino. "Zopangira magazizo zili m'masamba obiriwira, m'nyemba, m'mazira ndi m'nsomba. Zipatso monga magwafa, malalanje ndi mapapaya zimathandiza thupi kuti litenge zimenezo bwino. Buledi ndi shuga zimangodzaza m'mimba. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza zopangira magazi. Tikalekerera, mwana akhoza kubadwa wamng'ono kwambiri kapena nthawi isanakwane, ndipo mayiwa akadzataya magazi pochira, sadzakhala ndi otsala."

Kumwetulira kwa Isake kunali kutatha. Anapinda chipewa chake, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Koma amayi, mimba yoyamba ija ankadya masamba okhaokha, ndipo inachoka."

"Pepani kwambiri, bambo. Chimene chinachotsa mimba ija sindingachidziwe lero. Mwina anali malungo, mwina ntchito inachuluka chakudya chili chochepa. Koma masamba sachotsa mimba. Inu chikondi muli nacho, aliyense akuchiona. Chimene mwalakwitsa ndi chakudya basi, ndipo nthawi yokonza ilipo."

Anapatsa Lenia mapiritsi owonjezera magazi kuti azimwa tsiku lililonse. Anawauza kuti masamba asamasowe pambale masana ndi madzulo, ndipo chipatso chotsuka bwino chizidyedwa tsiku ndi tsiku. Masambawo asamaphikidwe mpaka kuda, asamathiridwe soda kapena chidulo, koma azitendera ndi nsinjiro. Tiyi adikire kaye chakudya chitsike.

Pobwerera Isake sanakwere njinga pachitunda. Ankangoikankha. Lenia anamumvera chisoni, pakuti ankadziwa kumene lumbiro lija linachokera.

"ABanda," anatero, "musadzizunze. Inenso ndinalakwa kukhala chete."

"Bwanji simunandiuze za dothi, aNambewe?"

"Ndimaopa kukuchititsani manyazi. Inu mumavutika kundigulira zonsezi."

Isake anaima. M'mbali mwa njira munali mtengo wa gwafa. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati kukubwera munthu, anavula jekete, n'kukwera. Lenia anaseka mpaka misozi, koyamba m'miyezi iwiri.

Mwezi wa Marichi masamba savuta. Chisoso, luni ndi bonongwe zimamera zokha m'minda, nkhwani ndi khwanya ali ponseponse. Vuto linali la kutsogolo: mwana anali wa mu Julayi, mapiri onse atauma. Isake analibe dimba, chifukwa malo ake a kudambo anawasiya kuti amere tchire. Munthu wodziwa za dimba m'mudzimo anali Nedson, mwamuna wa Margareta, yemwe Isake anamunenapo pamowa kuti amaweta mkazi ngati mbuzi. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Isake anaupeza mlomo wake ukumudikira pakhomo pa Nedson.

Lenia anamuperekeza, poopa kuti angabwerere panjira. Anamupeza Nedson akukonza mpini.

"Achimwene," anayamba Isake, "ndabwera kudzapempha mbewu ya mpiru ndi matimati. Komanso mundionetse kakonzedwe ka mabedi."

"Mpiru?" anafunsa Nedson, nkhope ili duu. "Mwagula mbuzi kodi?"

Margareta anabisa nkhope m'nsalu. Isake anakanda m'mutu.

"Ndinayankhula moipa, achimwene. Mundikhululukire."

Nedson anaseka, n'kumupatsa mpando. "Zatha zimenezo. Mawa mubwere ndi khasu dzuwa lisanakwere. Jekete mulisiye kunyumba."

Ntchito inayamba. Isake ankati akachoka kufodya, ulendo wa kudambo, zitini zothirira zili panjinga. Margareta anamukumbutsa Lenia kafutsidwe ka mfutso: kuwiritsa masamba pang'ono chabe, n'kuwayanika pamthunzi kuti asatuwe. Pofika Meyi zikwatu zinayi za khwanya ndi nkhwani zinali lende kudenga la khitchini. Magwafa atatha kunabwera malalanje, ndipo Isake ankawatenga kumsika m'malo mwa mabotolo aja.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Mapiritsi ankamuchititsa Lenia nseru, ndipo sabata ina anafuna kuwasiya. Namwino anamuuza kuti aziwamwa atadya, ndipo nseruyo inachepa. Pang'onopang'ono chilakolako cha dothi chinatha, miyendo inapepuka. Pa sikelo ya mu Juni namwino anamutembenuza chikope n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Tsopano tikupita kwabwino. Koma masiku akayandikira mukadikirire kuchipatala, musachilire kunyumba."

Anachita zomwezo. Kumayambiriro a Julayi, kukuzizira ndithu, Lenia anachira mwana wamkazi wonenepa bwino. Anataya magazi monga amatayira mayi aliyense, ndipo thupi lake linapirira. Mwanayo atalira, Lenia analiranso, chifukwa kulira kumeneko anali atakudikira zaka zinayi.

Isake anauzidwa ali panja pa chipatala. Anafunsa za mayi asanafunse za mwana. Atamva kuti onse ali bwino, anakhala pansi pafumbi osasamala kuti anthu akumuona. Mwanayo anamutcha Maria.

Patapita miyezi iwiri, pa sikelo ya ana, namwino Eveline anapempha Lenia kuti ayankhule ndi amayi apakati amene anali pamzere wina. Lenia sanali munthu wa mawu ambiri. Anaimirira, Maria ali kumbuyo, n'kunena zimene ankadziwa.

"Amayi anzanga, mukakhala ndi pakati idyani masamba obiriwira tsiku lililonse, idyaninso zipatso zimene zili m'nyengo. Musazinyoze chifukwa n'zotola m'munda. Imwani mapiritsi a kusikelo, ndipo mukamva chizungulire musabise. Muwauzenso amuna anu, chifukwa ena amalakwitsa akuganiza kuti akutisamala. Ine ndikanakhala chete mwezi wina umodzi kapena iwiri, sindikudziwa ngati mwana uyu bwenzi ndikumubereka kumbuyo lero."