Manja Afike Limodzi

Dziwe losambiramo la m'tauni linali pafupi kutsekedwa. Ati pamangidwa masitolo. Chule anaimva nkhaniyo ali m'basi, ulendo wa kutali. Anatsika pa siteji yotsatira, n'kukwera yobwerera.

Dzina la Chule anam'patsa ndi mphunzitsi wawo wa zosambira, iye akadali mtsikana. Kusambira kwa chule kunali kwake. Manja kupalasa pamodzi, mutu kuvuuka, miyendo kukankha madzi. Zikho anatenga, ndipo m'dziwe limenelo sanachotsedwepo mu mpikisano chifukwa chophwanya lamulo. Kenako unabwera ukalamba. Kenako sitiroko. Dzanja lamanzere linatsala lopindika, losafika pomwe linzake lifika.

Mpikisano wotsanzika dziwe unali wa akale okhaokha, kusambira kwa chule. Ulendo umodzi, kuchoka khoma ili kukafika linalo. Fungo la kolorini linali lomwe lija. Matailosi osweka, pakona pomwe paja. Benchi ija inalipobe, imene mphunzitsi ankawagonekapo chafufumimba kuti aphunzire kukankha pouma, mapazi atalozetsa kunja. Mphunzitsiyo, malemu tsopano, ankakuwa mpaka mawu kusasa: "Manja ndi mapasa! Pakhoma afike limodzi!"

"Iwe, ukadali moyo?"

Anali Telala, mnzake amene ankalimbirana naye zikho kalelo. Kapu yosambirira inam'thina mpaka nsidze kukwera.

"Ndikudikira utsogole," anatero Chule. "Ndani angakuimbire kumaliro?"

Anakumbatirana, akuseka.

Woweruza wa kukhoma lomalizira anali mlamu wa Chule. Mlamuyo anamukokera pambali.

"Alamu, masiku ano maso angawa ndi a nkhungu. Mukagunda ndi dzanja limodzi, ine sindinaone."

Chule anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mukatero musadzapondenso pakhomo panga. Likafika limodzi lokha, kwezani dzanja mundichotse. Ndabwerera panjira kudzasambira, osati kudzamveredwa chisoni."

"Ukali womwe uja," anatero mlamuyo, akukanda dazi.

Wezulo inalira.

Madzi anamulandira ngati kwawo. Koma dzanja lamanja linali ndi phuma. Linkapalasa kwambiri, thupi n'kumakhotera kumbali. Anayamba kulibweza. Lipalase pang'ono, molingana ndi lodwalalo. Miyendo ndiyo igwire ntchito. Kuvuuka, kupuma, kukankha. Kuvuuka, kupuma, kukankha.

Telala anapita. Enanso anapita. Chule anatsala yekha pakati pa dziwe, akumva anthu akuomba m'manja mofatsa, muja aombera wodwala akadzuka pabedi. Zinamuwawa. Anakankha mwamphamvu.

Khoma linayandikira. Apa ndiye panagona nkhani. Dzanja lamanja linatambasuka lokha, mwachizolowezi cha zaka zonse zija. Zala zinatsala pang'onong'ono kukhudza. Lamanzere linali kumbuyo. Kulinyamula ndi linzake sakanatha, pakuti lamulo limakana manja osanjikizana. Ndiye anapinda chigongono cha labwinolo, kuti lidikire mbale wake. Analola mphamvu ya miyendo imukankhe mpaka mphumi inatsala pang'ono kuomba matailosi.

Zikhatho ziwiri zinamata pakhoma.

Anakweza maso. Mlamu wake anali atagwada m'mphepete, bondo la thalauza litanyowa, nkhope ili pafupi ndi madzi. Munthu wa maso a nkhungu uja anali atayang'anitsitsa ngati wokonza wotchi. Dzanja lake silinakwere.

"Mwaona bwino?" anafunsa Chule, akupuma mwawefuwefu.

"Ndaona. Afika limodzi. Ndinali wokonzeka kukuchotsani, alamu, ndikulumbira."

"Chabwino. Muzibwera kunyumba."

Telala anali atakhala kale pabenchi ija, thaulo lili m'khosi.

"Ndauma kukudikira, nkhalamba iwe!"

Powerenga omaliza mpikisano, dzina la Chule linamveka kumapeto kwenikweni. Iye anali adakali m'madzi. Manja onse awiri anali pakhoma, sanafune kuwachotsa msanga.