Bokosi la a Conrad pa Tsiku la Chionetsero

Bokosi la a Conrad linafika pa bwalo la ndege la Wilson, kudziko la eni kumene ankagwira ntchito, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Analiika pa mabenchi awiri mu shedi ya bungwe la mpingo, momwe malemuwo anakonzeramo injini za ndege kwa zaka khumi ndi zinayi. Kandege ka bungwelo ndi kamene kanayenera kunyamula thupi kupita nalo ku Lilongwe.

A Gregory, mkulu wa mpingo wa Amalawi a ku Umoja, anachokera ku ofesi akupukuta thukuta.

"Amayi, pepani. Lero kuli chionetsero cha ndege. Sitinyamuka mpaka 3 koloko."

"Chabwino," anatero Lenah, mkazi wa malemu.

Maliro sasiyidwa okha. Lenah anayala chitenje pa simenti nakhala kumutu kwa bokosi. Pambali pake panakhala a Eness, mchemwali wa a Conrad, amene anafika kuchokera ku Ntcheu masiku anayi apitawo.

A Eness sanabwere kudzangoperekeza thupi ayi. Akumudzi anawatuma kudzaona. Munthu wosadwala kungogwa pakhomo akumanga nsapato, imfa yotero imakhala ndi mafunso. Ndipo masiku anayi onsewo Lenah sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Kumudzi, mkazi wamasiye wouma m'maso amati ndiye wadya mwamuna. A Masauko, malume a malemu, ankaimba m'mawa ndi madzulo pa foni ya m'manja ya a Gregory. Anali atanenetsa kuti mkazi wotero sakalowa m'nyumba ya siwa.

"Alamu, lirani," ananong'ona a Eness. "Ngakhale pang'ono. Ine ndikanena chiyani?"

"Mukanene zimene mwaona."

"Ndaona mukusita malaya. Ndaona mukuthirira anthu tiyi. Amuna anutu awa!"

"Ndikudziwa."

Lenah anali atayesa. M'chifuwa mwake munali ngati m'nyumba yoti anthu asamukamo.

Chitseko cha shedi chinali chotsekula. Kunja anthu anali mbwee kuseri kwa chingwe, ana ali pamapewa, ogulitsa zakumwa ndi mtedza akufuula m'chinenero chawo, "Soda baridi! Njugu!" Amayi asanu a kwaya ochokera ku Kangemi anayambitsa nyimbo ya maliro. Isanafike pakati, ndege zankhondo zitatu zinadutsa chamunsi, mapiko ali pafupi kukhudzana. Phokoso linabwera m'mbuyo mwake. Malata ananjenjemera, masipanala a pakhoma anagwedera, nyimbo inafera m'kamwa. Khamu lija linaomba m'manja.

"Anthu opanda ulemu," anatero a Eness, zala zili m'makutu.

"Sakudziwa," anatero Lenah. "Alipira pageti."

Chaka chilichonse a Conrad ankabwera naye Lenah ku chionetserochi. Iye sankachikonda. Dzuwa, fumbi, khosi kuwawa, ndi mwamuna womugunda ndi chigongono mphindi iliyonse kuti amvetsere injini. Ankapita chifukwa kukana kunali kotopetsa kuposa kupita.

Ndege zankhondo zinabwereranso, zinakwera molunjika kumwamba, zinabalalika ina uku ina uko. Kenaka kunabwera kandege kofiira kokha. Kanakwera, kanakwera, mpaka injini inamveka ngati yazima. Kanaima m'malere. Kanayamba kugwa chamutu kakuzungulira, utsi woyera ukupotana m'mbuyo. Katatsala pang'ono kufika pa udzu, kanadzuka nkudutsa chagada.

Dzanja la Lenah linapita lokha. Linagogoda bokosi kawiri.

"Mwakaona, bambo a Upile? Ndi kaja munkati woyendetsa wake alibe mayi kaja."

Anapendeketsa mutu kudikira yankho. Anadikira ndithu. Kenaka anabweza dzanja lija, analiyang'ana, nkuliika pa mwendo.

A Eness anaona zonsezi. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma chimene chinatuluka ndi mfuu. "Achimwene anga ine! Mayo ine!" Amayi a kwaya aja anaulandira mfuuwo, shedi yonse inadzaza ndi kulira.

Foni ya a Gregory inaitana. Anayang'ana nambala, anayang'ana Lenah, ndipo anapereka foniyo kwa a Eness. Mawu a a Masauko ankamveka ngakhale kwa amene anali patali.

"Mwanyamuka kodi? Nanga akulira chonchowo ndani?"

A Eness anamina ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi alamu, malume. Akanika kutonthozeka. Ayalireni mphasa m'siwa."

Anadula foni naibweza. Anakoka mpango wa Lenah kuti utsike mpaka pamphumi.

"Tikakafika mukadzifunde chitenje kumutu, mukagwire ine. Kulirako ndikalira ndine."

Lenah anagwedeza mutu. Anafunsa a Gregory nthawi.

"Kwatsala ola limodzi, amayi."

Lenah anawongola miyendo imene inali itachita dzanzi, natembenukiranso kuchitseko. Ndege zankhondo zinali kubwera kachitatu.