Chitseko ndi Foni m'Chipinda cha Amalume Lemuel

"Bwerera kuchipinda kwako, Cleon."

"Kuchipinda kwanga kuli zii ngati kumanda, achimwene. Ndikhala konkuno."

"Nanga akakagogoda kumeneko osakupeza?"

"Andifunafuna. Moyo wanga wonse anthu akhala akundithamangitsa, lero aleke chifukwa chiyani?"

Wothamangitsa mnzakeyo anali amalume anga, a Lemuel Prather. Wokana kuchokayo anali a Cleon Batiste, amene anali atavula kale nsapato n'kudziponya pabedi la eni ake. Ine ndi azakhali a Verdell, akazi awo a amalume, tinkangowayang'ana tikumwa tiyi wozizira.

Linali tsiku losankha osewera akale olowa m'Nyumba ya Akatswiri a mpira wa ku America, uja wothamanga nawo m'manja. Onse ofika m'ndime yomaliza amawasunga m'hotela imodzi, aliyense m'chipinda chake, atolankhani ovota akukangana pansi. Ukasankhidwa, mkulu wa Nyumbayo amabwera yekha kudzagogoda pachitseko chako, wojambula ali pambuyo. Ukalephera, amangokuimbira pafoni ya m'chipinda. Amalume ndi a Cleon, amene kale ankasewera timu imodzi, onse anali m'ndime imeneyi. Wogogoderedwa amapeza jekete lagolide ndi mutu wake woumbidwa ndi mkuwa. Wa foni amapeza "pepani".

Amalume anali atamva "pepani" ameneyo kangapo konse, ndipo chaka chimenechi chinali chawo chomaliza. Akaphonya, dzina lawo likanaponyedwa m'gulu la achikulire, kumene ambiri amakumbukiridwa atagona kale.

Vuto lawo linali lakuti anali wotchinga. Ntchito yawo inali kugundana ndi zimphona kuti a Cleon, atakumbatira mpira, apeze podutsa. Mayadi onse amene mpira unapita patsogolo analembedwa pa dzina la a Cleon. Amalume mpira anaukhudza kamodzi kokha, ndipo anachita kuugwera. Ine ndinaphunzira masamu, ndipo ndinayesapo kuwerengera mmene munthu wosagwira mpira angaposere mnzake wosagwiranso mpira. Zinandikanika. Atolankhani nawonso zinkawakanika chaka ndi chaka.

"Verdell, mlamu wanga, mwamuna wanuyu akutuluka thukuta ngati akusewera," anatero a Cleon.

"Asiyeni. Inu mwabwera kudzawalimbitsa mtima kapena kudzadetsa mapilo?"

"Ndabwera kudzabisala kumbuyo kwawo. Ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa. Komanso ndaitanitsa mapiko a nkhuku. Ndawauza kuti Batiste ali m'chipinda cha Prather, abwere nawo kuno."

"Wauza hotela yonse kuti uli muno?" anafunsa amalume.

"Nanga mapikowo akanandipeza bwanji?"

Amalume anatsegula pakamwa kuti awatukwane, koma anachedwa. Pachitseko panamveka kugogoda kolemera, kwa dzanja lalikulu. Kusanathe n'komwe, foni ya pambali pa bedi inayamba kulira.

Tonse tinauma. A Cleon anadzuka pabedi pang'onopang'ono ngati foniyo ndi njoka.

"Mwina ndi mapiko aja," anatero monong'ona.

"Odessa, kasuzumire," anandiuza azakhali.

Ndinanyang'ama mpaka pachitseko n'kuika diso pakabowo. Ndinaona tayi, chifuwa chotambalala ngati firiji, ndi kuwala kwa kamera pamwamba pa phewa.

"Ndi iwowo," ndinatero.

"Ambuye Yesu!" Azakhali anagwira amalume mkono. "Bambo, tsegulani!"

"Nanga foniyo?"

"Foniyo ndi ya Cleon. Akudziwa kuti ali muno."

"Ngati akudziwa kuti ali muno," anatero amalume, "ndiye kuti chitsekocho chingakhalenso chake. Foni ndi ya m'chipinda changa, Verdell. Ikulira mmene imalirira chaka chilichonse."

Onse atatu anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinapita kusukulu.

"Pali njira zitatu," ndinayamba. "Chitseko cha amalume, foni ya a Cleon. Kapena chitseko cha a Cleon, foni ya amalume. Kapena chitseko cha nonse awiri, ndipo pafonipo ndi akukhitchini akufunsa ngati mapikowo athire tsabola."

"Ndiye ndi iti?"

"Zimene tikudziwa sizikukwana, amalume."

"Zaka zonse zija kuyunivesite," anatero a Cleon, "mwana wabwerako ndi 'sizikukwana'."

Kugogoda kunamvekanso. Foni inaleka, tinapuma, kenako inayambiranso.

Azakhali anatambasula dzanja kuti aiyankhe. Amalume anawagwira.

"Usaikhudze. Ikapanda kuyankhidwa, palibe amene walephera."

"Ndiye tsegulani chitseko!"

"Ndikatsegula, kamera ija iona nkhope yanga poyamba. Dziko lonse lidzandiona ndikulira ndi chimwemwe, kenako munthu uja n'kunena kuti, 'Pepani bambo, tapatukani, tikufuna ali kumbuyo kwanuyo.'"

"Ndiye nditsegule ine," anatero a Cleon.

"Kuti akuuze iwe kuti upatuke? Ulibenso nsapato."

"Chabwino, ndikabisale kubafa. Akakhala kuti abwerera inu, zatha. Akandifunsa, munene kuti simunandione."

"Ndiname pa kamera?"

"Achimwene, tamverani." A Cleon anali atasiya nthabwala. "Akakhala kuti ndi ine, sindivala jekete limenelo. Ndinkangodutsa pamene inu mwaboola. Ngakhale agogo anga akanadutsa ndi ndodo yawo."

"Usandinamize, iwe. Unayeza kale mapewa kwa telala, Verdell anandiuza."

"Kuyeza si kuvala."

"Udzavala. Ndikadzakuona usanavale ndidzakuthyola msana umene ndinauteteza ndekha."

Ine mutu unali utaima. Ndinali nditapeza njira yachinayi, yakuti mkuluyo wasochera chipinda ndipo foni ndi ya onse awiri, koma ndinaona kuti ndibwino ndiisunge.

"Anthu inu, munthu wamkulu waima panja," anatero azakhali. "Atopa, apita kwa wina."

Mawu amenewo ndi amene anawadzutsa amalume. Anaimirira movutikira, maondo akulira, n'kuyenda chotsimphina mpaka pachitseko. A Cleon anawatsatira ndi masokosi okha, n'kuima kumbuyo kwawo, dzanja lili pamsana pawo. Mwina sanadziwe n'komwe kuti atero.

Amalume anagwira chotsegulira koma sanachipotokole. Tonse tinkadziwa kuti mkuluyo salankhula chitseko chisanatsegulidwe, chifukwa uthenga wake umayenera kugwera pankhope, kamera ikuona. Foni inali ikulirabe. Amalume anatsamira mphumi pathabwa, n'kukuwa ndi mawu amene kale ankagwedeza bwalo lonse:

"Inu kunjako, mwabwerera ndani?"