Lighton Anabwera M'chitini

Ba Ferdinand a ku Kafue Estates anatenga mwamuna wanga Lighton ali wamoyo, nandibwezera phulusa m'chitini.

Lighton anali dalaivala wawo. Tsiku lina bwana ati afuna kupita ku Nepal, ku phiri la Everest, osati pansonga, koma pamsasa pomwe okwera amayambira. Anafuna munthu wowanyamulira chola ndi kuwajambula. Lighton anakondwa ngati mwana, ndeke anali asanakwerepo. Jekete tinakasankha tonse pa salaula, pamsika wa zovala zakale, zipi ndinasoka ndine.

Ati kumwamba kuja mpweya ndi wochepa, mutu ukayamba kuwawa uyenera kukamba msanga akutsitse. Lighton mutu unamuwawa, anasanza, iye nkuyesa ndi malungo athu omwewa a ku Nangongwe. Anameza panado chabe. Wantchito angauze bwanji bwana kuti ndalema, bwanayo atamukweza ndeke? Anasenzabe chola mpaka miyendo inakana. Ba Ferdinand anamusiya m'kanyumba ka alendo, iwo nkupitirira kukajambulitsa ndi mbendera. Pobwerera anapeza munthu wazizira.

Ati kubweretsa thupi kunali kovuta, ndipo kumeneko maliro amatentha. Anamutentha. Ine sanandifunse. Ba Ferdinand anabwera kwathu, nakhala pampando wa Lighton, naika chitini patebulo, ati anapita mwamtendere. Ndinawafunsa kuti nkhope ya mwamuna wanga ndikaione kuti. Anayang'ana nsapato zawo.

Abale a Lighton anabwera kuchokera ku Katete. Mlamu wanga Elina anatsegula chitini, napisamo chala.

"Mulamu, tilire ichi? Phulusa ngati ili ndasiya m'mbaula kunyumba. Mlongo wanga mwamupeleka kuti?"

Akulu a banja ati munthu amene sanamuone nkhope sangamuike, ndipo popanda manda palibe kumeta, palibe kundisudzula. Anakwera basi nabwerera kwawo.

Manje ndine ndani? Mwamuna ndilibe, koma sanandimasule. Ndigona pansi, bedi ili pomwepo. Mchere m'ndiwo athira ndi mwana wanga Mtendere, ine sindiloledwa. Pamsika azimayi aleka kugula vitumbuwa vanga, ati ndiyenda ndi chibanda, mzimu wa malemu, kumsana. Ndikhala ndi beseni lodzala mpaka ntchentche zitope. Abusa ati tipemphere chabe. Ba Ferdinand geti yawo ndi yokhoma, mlonda ati bwana kulibe, galimoto ndikuiona mkati, ili ndi dalaivala watsopano.

Inu amene muwerenga izi, munapita kusukulu kuposa ine, mwina mapiri a eni mumawadziwa. Ku Katete andikana, ku Nepal sindingafike. Ndani adzandimete tsitsi ili kuti ndikhalenso munthu pakati pa anthu? Musandiuze pepani, ndamva ambiri. Ndiyankheni.