Dishi ya Clement

Malita anakankha dishi ndi chikhatho, pang'ono chabe, n'kuthamangira m'shedi kukaona pa kanema. Mzere wa siginolo unali gone pansi, osagwedezeka n'komwe. Anatulukanso, anaikankhira kwina, anathamanganso. Palibe.

Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Zaka zonsezi mwamuna wake Clement ndiye ankakhala panja ndi sipanala, iye ali m'kati kukuwa, "Bwererani pang'ono, bambo a Takondwa! Apo! Iii, mwapitirira!" Tsopano Clement anali kumanda. Anyamata ozika tenti ya pamaliro, posowa pomangira chingwe, anamangira pa chitsulo cha dishi, poti kwa iwo chitsulo n'chitsulo basi. Mphepo ya kunyanja itakoka tenti, dishi inapotoloka, mpira ndi mafilimu zonse zii.

Shedi yamabango ija ndiyo inali munda wa banjali. Asodzi ochokera kudoko ndi alimi a mpunga a ku Likangala ankadzazamo kudzaonera mpira, ndipo ana ankadya ndi kuvala kuchokera momwemo. Popanda dishi, shediyo inali khola chabe.

Njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika Pearson, mkulu wake wa malemu, amene ankagulitsa mafoni ku Songani. Kumbuyo kwa njingayo anamangirira khasu.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera. Kaya inu?"

"Ife tili bwino. Ndiye paja tinakambirana kubanja kwathu. Nyumba ndi malo n'zanu, Clement anali mkamwini, sitikulimbana nazo. Koma zitsulozi n'za m'bale wathu. Zipite ku Songani."

"Nanga ana ake adya chiyani?"

"Tizithandiza. Taonani, chinthucho chafa ndi mwini wake. Inu mungachithe?"

"Sichinafe, alamu. Changotaya setilaiti."

Pearson anaseka. "Ndiye yathawatu! Muithamangira ndi miyendo?"

"Sithawa imene ija." Malita anamva mawu a mwamuna wake akutuluka pakamwa pake, ndipo zinamupweteka. Clement ankakonda kufotokozera aliyense, ngakhale wobwera kudzangopempha moto, kuti setilaiti ikuthamanga ndithu kumwambako, koma ikuzungulira limodzi ndi dziko, mayendedwe ofanana, ndiye kwa ife imaoneka ili phee pamalo amodzi. Ankaloza m'mwamba cha kuchilumba cha Chisi, mbali ya ku Mozambiki kumene anachokera agogo ake. Kutalika kwake n'koopsa, moti dishi ikasuntha ngati chikhadabo, basi mwaiphonya. "Ili pomwepo," anatero Malita. "Ndikungosowa wondigwirira kunja kuno, ine ndizionera m'katimo."

"Ine sindinabwerere zimenezo."

Pearson anavula jekete n'kuyamba kukumba m'tsinde mwa chitsulo. Malita anaima pambali manja ali kumutu. Ankafuna kulira mokweza kuti anthu abwere, koma mawu anali atamuthera pamaliro. Ankamuda mlamu wakeyo, kumuda kwenikweni, ndi nsapato zake zonyezimirazo.

Khasu linakodwa. Pearson anawerama n'kupalasa ndi zala. Kuchokera pa dishi panatsika mawaya awiri. Wina unalowa m'shedi monga mwa nthawi zonse, koma winawo unalowa pansi, utavekedwa paipi yakuda.

"Nanga uwu ukupita kuti?"

Malita anayang'ana kumbali.

"Alamu, ndikufunsa. Pali kanema wina amene mwabisa?"

"Malemu anati ndisanene."

Pearson anagwira paipi ija n'kukoka mwaukali. Dothi linang'ambika ngati akuzula chinangwa. Anaitsatira akukoka, kudutsa kuseri kwa khitchini, kulowa pansi pa mpanda wa khonje, kuoloka kanjira ka kuchitsime. Malita ankamutsatira chapatali. Thukuta linali kamukamu pamsana pa munthuyo, koma sanaleke. Anakhulupirira kuti wagwira wakuba.

Paipi inakathera pa khoma la nyumba ina yofolera ndi udzu, n'kulowa pa kabowo pansi pa zenera. Pearson anaima. Njerwa za nyumbayo anaumba ndi iyeyo. Iye ndi Clement anakwatira m'mudzi umodzi, ndipo muno munkakhala Leah, mkazi amene Pearson anamusiya ndi ana atatu pamene anapeza wina ku Songani. Pamaliro anadutsana naye ngati sakudziwana.

Leah anatuluka ndi lichero la mpunga m'manja. Anayang'ana paipi yozulidwayo, kenako mwamunayo.

"Mwabwera kudzatenganso waya umenewu?"

"Izi zinayamba liti?" Mawu a Pearson anatuluka ochepa.

"Chaka chimene munachoka. Ana anu ankapita kukasuzumira m'mabango a shedi, anzawo n'kumawaseka kuti bambo awo anathawa. Alamu a Clement anati akamalowa ulere m'shedi, anthu aziwaloza chala. Ndiye anabweretsa kakanema kakale ndi batire, kuti ana azionera kwawo ngati ana a munthu." Leah anapeta mpunga kamodzi, mopanda cholinga. "Chiyambire maliro kazima. Akungondifunsa kuti kayaka liti."

Pearson anacheuka kuyang'ana mzere wa dothi long'ambika, utali wonsewo mpaka kukafika pa dishi.

"Anakumba ndi ndani?"

"Yekha," anayankha Malita. "Ndinati aitane anyamata, anakana. Anati akathandiza wina nkhani ifika ku Songani, ndipo achimwene achita manyazi."

Pearson anaika paipi ija pansi mosamala, m'ngalande momwe anaizula. Kenako anagwada, buluku lake labwinolo lili m'fumbi, n'kuyamba kukwirira ndi manja.