Tsiku Lomwe Mayi Wezzie Anaimitsa Ntchito

Mtima wa Tabita sunkakhala m'malo mwamuna wake Moffat akapita kuntchito. Moffat ankanyamula matumba pa nyumba yosungiramo mbewu ya kopaletivi ya alimi, pafupi ndi Kasakula. Pamenepo ndi pomwe soya ndi mtedza zinkapakiridwa m'makontena opita kudoko la sitima zapamadzi ku Mozambique. M'miyezi itatu yokha, Moffat anali atabwerako ndi chikhadabo chozuka, phewa lotupa, ndi chifuwa cha fumbi chosatherapo. Ntchito yonseyo ankaigwira atavala patapata.

Tabita nayenso anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi tsiku lina atakapereka chakudya. Lole inabwerera cham'mbuyo popanda woiyang'anira, ndipo iye anachita kudumphira m'ngalande, mwana wake Chisomo ali kumsana. Atadandaula kunyumba, Moffat anangoti ntchito ya amuna ndi yotero, woopa kuvulala azikhala pakhomo.

Chaka chotsatira kopaletivi inalemba ntchito Mayi Wezzie kuti aziyang'anira malowo. Mayiwa anakwatiwa ku Malomo, koma anali atagwirapo ntchito kudoko komweko zaka zisanu ndi zinayi. Anali aafupi, olankhula motsitsa mawu, ndipo ambiri ankaganiza kuti sachedwa kuthawa.

Sabata yoyamba anajambula mizere ya laimu pabwalo, kusiyanitsa njira ya malole ndi ya anthu. Anakakamira akomiti mpaka anagula nsapato zolimba, zipewa, zophimba kumphuno ndi malaya owala. Analamula kuti lole isabwerere m'mbuyo popanda munthu wa wezulo woitsogolera, komanso kuti matumba asasanjidwe mopitirira pomwe anaika chizindikiro pakhoma. Amuna ankang'ung'udza kuti nsapato zikuotcha, ndipo kumbali ankawatcha Mayi Malamulo.

Tabita atabwera ndi chakudya, anamuimitsa pamzere n'kumulozera chisakasa cha alendo. Iye zinamupweteka, chifukwa anazolowera kufika pomwe pali mwamuna wake. Mayi Wezzie anakhala naye pabenchi.

"Amake Chisomo, musaone ngati ndikukunyozani," anatero. "Kudoko, ngakhale bwana wamkulu amalemba dzina pachipata, n'kuyenda momwe auzidwira. Woyendetsa lole saona zakumbuyo. Mlendo ndiye savuta kuvulala, chifukwa sadziwa pomwe pali ngozi."

Kuyambira pamenepo Tabita ankadikira m'chisakasamo. Ndipo anali momwemo Lachinayi lina masana, pomwe inafika lole ndi kontena lopanda katundu. Dalaivala wake, a Obadiya, anali pachangu. Ankafuna apakire msanga kuti akadutse pachipata cha m'malire m'mawa mwake. Moffat anakankha zitsulo, n'kutsegula chitseko chimodzi, ndipo anali ataponda kale phazi limodzi kuti akasese m'katimo.

Wezulo ya Mayi Wezzie inalira. Mayiwo anamukoka Moffat malaya, n'kuuza aliyense kuti apite patali, mbali yomwe mphepo inkachokera. Anali ataona chipepala chong'ambika pachitseko, chomwe panatsala chithunzi cha chigaza chamunthu, ndipo anamva kafungo konga ka adyo. Anafotokoza kuti kontenalo linathiridwapo mankhwala ophera anankafumbwe, omwe amatulutsa mpweya wakupha, ndipo palibe pepala losonyeza kuti mpweyawo unatha.

A Obadiya anapsa mtima. Anati akhala akuyenda msewu umenewu zaka zambiri, ndipo kafungo sikanaphepo munthu. Amuna ena anavomereza, poti tsiku linali kuwathera. Moffat nayenso anati angolowa kamphindi atagwira mphuno.

"A Moffat, mukalowamo n'kugwa, mnzanu adzathamangira kukutulutsani, nayenso agwa," anatero Mayi Wezzie, osakweza mawu. "Ndinaonapo anthu awiri akutulutsidwa chotero, ndipo mmodzi sanadzuke. Soya akhoza kudikira. Lero muno simulowa munthu."

Anaima pakati pa amunawo ndi lole, manja ali kumbuyo. Tabita ankaonera ali chilili. Sanaonepo munthu wochepa thupi chotero akubweza amuna khumi ndi mawu okha.

Mayi Wezzie anazunguliza malowo ndi chingwe, n'kuimbira foni eni kontenalo. Moffat, yemwe anayamba kumva mutu ndi nseru, anamutumiza kuchipatala pa njinga yamoto, ngakhale iye ankati si kanthu. Adokotala anamusunga mpaka m'mawa kuti amuone bwino.

Tsiku lotsatira kunabwera katswiri ndi kachipangizo koyezera mpweya, atavala chophimba nkhope yonse. Pakona yam'kati anapeza timapaketi tamankhwala tomwe tinaiwalika. Anati mpweya umene unali kumeneko ukanagwetsa munthu asanamalize kusesa. A Obadiya anavula chipewa, n'kupita kukapepesa kwa Mayi Wezzie pamaso pa onse. Mayiwo anangowafunsa ngati m'chipinda chawo choyendetsera munalibe fungolo, ndipo anapempha katswiri uja kuti ayezemonso.

Moffat anatuluka m'chipatala n'kubwerera kunyumba. Anakhala pakhonde, Chisomo ali pamiyendo, kenaka anauza mkazi wake kuti akanakhala wamasiye chifukwa cha tsache.

Lolemba m'mawa ndiye anali woyamba kufika kuntchito, atavala zonse. Anzake anamusankha kuti aziona kontena lililonse lisanatsegulidwe, ndipo Mayi Wezzie anamuphunzitsa kuwerenga zizindikiro ndi mapepala ake. Tabita anayamba kuuza amayi ogulitsa zitumbuwa pachipata kuti ana asamasewere pansi pa malole. Nyengo yonse yokolola inatha, makontena makumi atatu ananyamuka, popanda ndi mmodzi yemwe wovulala.

Pamsonkhano wotsekera chaka, akomiti anapempha Tabita kuti alankhule m'malo mwa mabanja. Iye anaimirira, nayang'ana Mayi Wezzie, kenaka anthu onse.

"Pamalo opakira katundu, kaya ndi kudoko kaya ndi kuno kwathu, wantchito avale zomuteteza, mlendo adikire pomwe wauzidwa, ndipo chomwe simukuchidziwa musachilowe musanafunse. Amene wakuimitsani ntchito chifukwa cha ngozi si mdani wanu. Akufuna mubwerere kwa ana anu ndi moyo."